Nsomba ya Mtengwa

Mpoto ukayamba pachilumba pathu pano, aliyense amadziwa chochita. Amayi amasenda mbatata, kuzidula tizibenthu n'kuziyanika pamathandala oyang'ana kunyanja, poti mphepo imeneyi imaumitsa bwino kuposa dzuwa. Amuna amatsikira kudoko kukawonjezera zingwe pamaboti. Ana amapita kusukulu chowerama, makutu ali psuu. Maluwa ofiira a m'mipanda amagwa athunthu, osayoyoka, n'kumagubuduzika m'makwerero a miyala mpaka kumunsi.

Kwa owedza suzuki, mpoto umafuna kudikira. Nyengo yachisanu nsomba imeneyi sidya nyanja ili bata. Imabisala pansi pa thovu, pomwe mafunde akuswekera pamatanthwe, kuwenderera tinsomba tomwe madzi atizunguza mutu. Mphepo ikadali ndi mphamvu sungayandikeko, boti lisanduka nkhuni. Ikalekeratu thovu limatha, nsomba n'kubwerera kwakuya. Pakati pake pamakhala m'mawa umodzi, mphepo itatopa koma nyanja isanagone. A Tatsuzo Uraguchi anakalamba akudikira m'mawa umenewo.

Ine ndinakulira m'nyumba yoyandikana ndi yawo, chakumunsi pang'ono, moti madzi a padenga pawo ankagwera pabwalo pathu. Anali munthu wamfupi, wa mapewa otambalala, zala zodzaza tizipsera ta chingwe. Anayamba kukwera boti la bambo awo mano akutsogolo asanamere onse. Ali mnyamata anawolokapo kupita kumtunda kukagwira ntchito kopangira sitima zapamadzi, koma chisanu chimodzi chokha chinawakwana. Ankati kumeneko mphepo imangowomba popanda chonena. Atabwerera sanachokenso.

Mitengo ikamaphuka ankadula udzu wa m'nyanja pamodzi ndi mudzi wonse. Kukatentha ankawedza tinsomba ta pafupi ndi doko. Namondwe akamayandikira ankakokera boti pamtunda n'kulipaka utoto. Zonsezo ankazichita ngati munthu wosesa pabwalo alendo asanafike. Chaka chawo chinkayamba mbatata zikakwera pamathandala. Nyambo ankapanga okha, kamtovu, nthenga za tambala woyera ndi kachikopa ka nsomba kouma, zomangirira pambedza ndi ulusi wofiira. Mowa ankamwa pa Chaka Chatsopano pokha.

Munthu mmodzi sangawedze suzuki wa pamatanthwe. Boti limaima mphuno kunyanja, matako kumiyala. Wina amaima kumbuyo ndi nsungwi, kuponya nyambo m'thovu. Mnzake amakhala pachiwongolero, maso kumafunde. Funde lalikulu likamabwera amapatsa injini moto kuti boti likwere, likadutsa amalilekerera kuti libwerere chambuyo pang'onopang'ono mpaka nyambo ifike. Awiriwo amapatsana msana tsiku lonse, ndipo wa pachiwongolero satembenuka zivute zitani. Akazi awo, a Mitsue, anagwira chiwongolero kuyambira ali mtengwa mpaka imvi, koma ankati sanaonepo suzuki akutuluka m'thovu. Ankangomva kugwa kwake pamatabwa.

A Mitsue atamwalira, chiwongolero chinapita kwa mwana wawo mmodzi yekhayo, Noriyuki. Anzake onse a msinkhu wake anali atapita kumizinda. Iye anatsala, mnyamata wamtali, woseka mokweza, wosiyana ndi bambo ake m'zonse kupatula kuleza mtima. Chaka chomwe ndikunenachi, mitengo ikuphuka, anabwera ndi mkazi kuchokera kumtunda, dzina lake Shinobu, mwana wa alimi a manachesi a kumapiri. Nyanja ankaidziwa pongoiona patali. Nyengo yotentha yonse tinkamumva akuseka kuseri kwa mpanda, Noriyuki akumuphunzitsa kutumbula nsomba.

Mpunga utakololedwa, tsiku lina masana, Noriyuki anadya, nati mutu ukundiwawa, n'kugona pamphasa. Shinobu anamufunditsa miyendo. Sanadzukenso.

Wansembe anabwera pasitima, nabwerera pasitima. Paguwa la m'nyumba, pambali pa chithunzi cha a Mitsue, anawonjezerapo china. M'mawa uliwonse Shinobu ankaikapo timbale tiwiri ta mpunga, a Tatsuzo n'kuyatsa lubani. Kenako ankadya awiri, aliyense akuyang'ana mbale yake. Kulira sitinakumve. Nyumbayo inangokhala zii, ngati eni ake ali paulendo.

Tsono kwathu kuno, chaka chikamatha, nyumba yomwe yalandira mtengwa chaka chimenecho imatumiza nsomba kwa makolo ake. Iyenera kukhala yaikulu, yathunthu, yokulunga m'mapesi a mpunga, ndipo nyumba ya asodzi siigula, imawedza yokha. Nsombayo imanena kuti mwana wanu ndi wabwino. Makolo aja amaidula pakati, theka n'kudya, theka n'kubweza ndi yemwe waibweretsa. Theka lobwereralo limanena kuti musungeni. Timangoti nsomba ya mtengwa. A Tatsuzo yawo anainyamula paphewa ali mnyamata, kudutsa phiri kupita kwa a Mitsue kuseri kwa chilumba, chipale chofewa chikugwa. Apongozi awo anawamwetsa mpaka miyendo kufooka, ndipo pobwerera anagona m'munda wa eni, theka la nsomba atalikumbatira. A Mitsue ankakonda kuifotokoza nkhaniyi. Iwo ankangoti theka linafika.

Koma palibe amene ankakumbukira chaka chomwe mwamuna anamwalira nsomba isanapite, choncho palibe amene ankadziwa choyenera kuchita.

Masamba atayoyoka, a Tatsuzo anatsikira kudoko nakapeza mnzawo wa paubwana, a Kanji, akusoka ukonde. Ndinali pomwepo ndikudikira sitima.

"Kanji, mpoto ukatopa undigwirire chiwongolero."

A Kanji sanadzutse mutu. "Iwe Tatsu, ukudziwa. Nyumba yako ili ndi imfa. Ndikwere boti lako, mawa ndilowe nayo m'langa? Chaka chithe kaye."

"Chaka chikatha nsombayo ndidzapatsa ndani, mphaka wako?"

"Mphaka wanga amadya nsomba za anthu omvera." Anadula ulusi ndi mano. "Ndiponso ndani wakuuza kuti chaka chino pakufunika nsomba? Nyumba ya maliro situmiza zachikondwerero."

"Mtengwa alipo kapena palibe?"

"Alipo."

"Ndi woipa?"

"Ine ndanena zimenezo?"

A Tatsuzo anabwerera kumakwerero. Sanafunsenso wina. Ankadziwa kuti doko lonse liyankha chimodzimodzi, ndipo iwonso akanayankha choncho imfayo ikanakhala ya nyumba ina.

Kumathandala a mbatata nkhani inali yomweyo. A Fusae, mkazi wa a Kanji, sankadziwa kunong'ona.

"Mwana iwe," anatero kwa Shinobu, "lamya ija inkalira dzulo ndi amayi ako?"

"Eya, azakhali."

"Akuti bwanji?"

"Akuti manachesi apsa, othyola akuchepa."

"Hee, manachesi! Ine ndinabadwa dzulo? Akukuitana amenewo." Anapukuta mphuno ndi kuseri kwa dzanja. "Tamvera. Nsomba ikapita, theka likabwera, basi wakhala wa pano. Uzichapa makabudula a nkhalamba ija mpaka mutu wako ufanane ndi wangawu. Ikapanda kupita, kwanu azidzati anakubweza ngati mbale yong'aluka, mwinanso kuti mwamuna anafa chifukwa cha phazi lako. Anthu a kumapiri ndimawadziwa, pakamwa pawo n'chimodzimodzi ife."

"Nanga chabwino n'chiti, azakhali?"

"Ine ndingadziwe? Tembenuza mbatatazo, zikuchita nkhungu."

Shinobu anatembenuza. Ndinamuyang'ana nkhope kuti ndione ngati mawuwo amulasa, koma panalibe chilichonse. Anadzandiuza yekha pambuyo pake kuti masiku amenewo ankamva anthu ngati akulankhulira m'chipinda china. Kupita kwawo sankakufuna, kukhala sankakufuna. Wina akanamuuza kuti khala pamwala apa mpaka kutenthe, akanakhala.

Madzulo ena a Tatsuzo anaika nsapato za mphira za Noriyuki pakhomo, atatsenderamo nsanza kutsogolo kuti zimukwane Shinobu.

"Mawa uvale izi."

"Tikupita kuti, bambo?"

"Ukaphunzire chiwongolero."

M'mawa mwake mudzi wonse unamva injini, ndipo unamvetsa chinthu chimodzi: nkhalamba yataya mwana, yapeza wogwira chiwongolero, siimutaya. Shinobu nayenso anamvetsa choncho. Anavala nsapatozo.

Masiku a bata ankapita ku Ng'ombe Yogona, matanthwe akuda a kumpoto kwa chilumba, omwe msana wokha ndiwo umaonekera pamwamba pa madzi. Poyamba Shinobu ankangosanza. A Tatsuzo ankadikira kuti amalize, n'kumupatsa kanthudza ka mchere kuti avumate. Kenako ankaima kumbuyo opanda nsungwi, n'kumafuula.

"Moto! Leka! Leka, ndati! Ukufuna tikagone pa Ng'ombe?"

"Pepani, bambo."

"Pepani wakoyo usunge. Ukuyang'ana chiyani?"

"Funde."

"Liti?"

"Ili pafupili."

"Limenelo lafika kale, lisiye. Yang'ana la kumbuyo kwake. Ndipo umve chilichonse kumsana kwakoko, ine ndikuwe, ndigwe, nsomba iyimbe nyimbo, usatembenuke."

Tsiku lina anazimitsa injini kuseri kwa chilumba kuti adye mpunga woumba womwe Shinobu anakulunga m'masamba. Boti linkangoyandama.

"Kwanu chisanu chimakhala bwanji?" anafunsa a Tatsuzo.

Shinobu anazengereza, kenako anayamba. Anati kwawo m'mawa chigwa chimadzaza nkhungu, mitengo ya manachesi n'kumaoneka mitu yokha. Anati othyola amamanga timadengu m'chiuno, ndipo nachesi lililonse amalidula kawiri, kachiwiriko kufupikitsa kaphesi kuti kasabaye anzake. Anati nkhokwe ya bambo ake imanunkhira mpaka kumsewu, ndipo mng'ono wake amadya ambiri mpaka zikhatho kuchita chikasu. Analankhula nthawi yaitali, mpunga uli m'manja, kenako anadzimva yekha n'kusiya.

"Pepani, ndalongolola."

"Idya," anatero a Tatsuzo. Anayang'ana kumtunda, komwe mapiri ankaoneka ngati utsi, n'kukaliza injini.

Chaka chitatsala pang'ono kutha, mpoto unabwera wa mphamvu. Sitima inaleka kuyenda. Mchere unamata mawindo, timatalala tinkagwa chopingasa. Tinakhala m'nyumba masiku angapo tikumva matabwa akulira. Kenako m'mawa wina utsi wa m'makhitchini unayamba kukwera chopendekera m'malo mothawa chogona. Kumatanthwe nyanja inali ikadali yoyera.

A Kanji anali kale padoko awiriwo akutsika. Boti la a Tatsuzo sanalikhudze, ngakhale chingwe chake. Anangoima manja ali m'matumba.

"Ukamupha mwana wa eni, Tatsu."

"Choka panjira."

"Iwe mtengwa, nkhalamba iyi ikagwera m'madzi usakavutike n'kuitola, ingobwera."

Koma awiriwo atangotuluka padoko, injini ya a Kanji inalira. Anawatsatira patali, n'kukaima pomwe aliyense amadziwa kuti palibe nsomba, chingwe chopanda nyambo chili m'madzi. Zomwe zinachitika pa Ng'ombe Yogona ndinazimva kwa iwo, zina kwa Shinobu.

Thovu linali litakuta matanthwe onse, likufufuma n'kuphwa ngati mpunga uli pamoto. Shinobu anatembenuza boti mphuno kunyanja. Mafunde ankabwera aatali, obiriwira, opanda phokoso. Phokoso lonse linali kumsana kwake. Anapatsa moto, analeka, anapatsanso. Kumbuyo ankamva nsungwi ikudula mphepo, nyambo ikugwa, ndi kupuma kwa apongozi ake. Zala zake zinachita dzanzi pachiwongolero. Dzuwa silinatuluke, kunangoyera.

Kenako anamva china. Suzuki akakodwa amalumpha, kutsegula makha n'kupukusa mutu kuti mbedza ichoke, ndipo phokoso lake limakhala ngati munthu akukung'untha nsalu yonyowa. Shinobu anatembenuka. Anaona chinthu choyera chitaimirira pamwamba pa thovu, kukamwa kuli yasaa. Funde lomwe sanalione linamenya boti m'nthiti. Matako a boti anagunda mwala, khuu, a Tatsuzo anagwa chammbali, chingwe chinaduka. Shinobu anakankha moto wonse osadziwa chomwe akuchita, ndipo boti linatuluka likupendama, madzi ali m'mapazi.

Atafika pabwino anachepetsa moto. A Tatsuzo anali atakhala pamatabwa, magazi akutsika kuchokera pansidze. Anasuzumira kumbuyo kwa boti, napapasa thabwa lomwe linagunda mwala, kenako anatenga chitini n'kuyamba kukapa madzi.

"Waiona?"

"Ndaiona, bambo."

"Aliyense amayang'ana kamodzi. Mwamuna wako anayang'ana kawiri, chitsiru chija." Aka kanali koyamba kumutchula chimwalirire. Anamangirira nyambo ina, mano akuthandiza zala. "Bwerera."

Patali a Kanji ankakupiza chipewa, akukuwa mawu omwe mphepo sinafikitse. Shinobu anabwerera.

Ulendo uno panatenga nthawi. Mphepo inkapitirira kufooka, thovu linkachepa, ndipo onse awiri ankadziwa kuti likatha, mpoto wina udzabwera chaka chitatha kale. Shinobu ankayang'ana funde la kumbuyo kwa funde. Anamvanso nsalu yonyowa ija ikukung'unthidwa. Anamva nsungwi ikulira, nsapato zikukwekweza matabwa, apongozi ake akutukwana motsitsa mawu. Funde lalikulu linabwera, analikwera, linadutsa. Anamva ngowe ikukhula m'mphepete mwa boti, kenako chinthu cholemera chinagwa pamatabwa, di, n'kuyamba kumenya mchira.

"Tiye."

Sanatembenuke mpaka Ng'ombe itatsala kutali. Nsombayo inali yotalika kuchokera paphewa mpaka kunsonga za zala za mkono winawo, yonenepa, yowala ngati chitsulo chotsuka, msana wakuda. A Tatsuzo anaibaya pamutu, nadula makha kuti magazi atuluke. Shinobu ankaganiza kuti iyeyo alira. Anangomva njala. Mumtima anati, basi, ndakhala wa pano, ndipo mawuwo sanamulemere, sanamupepukirenso.

Masana tinasonkhana pabwalo pawo, pampopi. A Fusae anabwera ndi mtolo wa mapesi a mpunga, a Kanji ndi botolo la mowa lomwe ankamwa okha, ataima kunja kwa mpanda. A Tatsuzo anali atamata kansalu pansidze. Anatsuka nsomba, naigoneka pathabwa, n'kulowa m'nyumba. Tinkayesa akukatenga chingwe. Anatuluka ndi mpeni wautali. Anaulowetsa kuseri kwa makha n'kuuyendetsa motsata msana.

"A Tatsu!" anakuwa a Fusae. "Mwala uja wakumenyani mutu eti? Imapita yathunthu!"

"Asewere ndi alimi a manachesi. Angaiwononge podula."

"Nanga akabweza chiyani?"

"Palibe. Theka langa ndatenga kale."

Mpeni unafika kumchira. Ananyamula mbali yapamwamba, mnofu wokhawokha, n'kuiika padera. Pathabwa panatsala mbali ya mutu, msana ndi mchira. Mpopi unkadontha. A Kanji anatsitsa botolo pakamwa.

"Bambo," anatero Shinobu, "ndiye ine ndibwera ndi chiyani?"

"Mphepo yagwa, sitima iyenda mawa. Utenge ndi zovala za nyengo yotentha."

Shinobu anayang'ana nsomba, nayang'ana nsapato za mphira zomwe anali asanavule.

"Simunandifunse."

"Ndikanakufunsa ukanati ndikhala."

"Ndikanatero."

"N'chifukwa chake." Anapukuta mpeni pantchafu. "Mutu upite, akaone okha kukula kwake. Akakafunsa, ukanene kuti chiwongolero unagwira ndiwe. Pa Ng'ombe Yogona, mpoto utangotopa. Sakamvetsa, koma ukanene."

"Nanga boti?"

"Chaka chikatha Kanji mantha amuthera."

"Ine?" anatero a Kanji kuseri kwa mpanda. "Maso angawa, funde ndimaliona litandinyowetsa kale."

Palibe amene anaseka, poti zinali zoona, ndipo pamudzi panalibenso wina. A Fusae anagwada nayamba kuyala mapesi. Anatukwana mapesiwo kuti ngaafupi, anatukwana chingwe, anatukwana amuna onse a pachilumba, koma anakulunga bwino, mutu ndi mchira zikuonekera monga mwa mwambo. Theka linalo a Tatsuzo analikwirira mumchere, m'beseni la matabwa.

M'mawa mwake kunacha kozizira, kopanda mphepo, madzi a m'ndowa ataundana pamwamba. A Tatsuzo ananyamula mtolo wa nsomba paphewa, ine sutikesi, Shinobu kachikwama, n'kutsika makwerero. Padoko Shinobu anawerama kwa apongozi ake nthawi yaitali. Iwo anawerama pang'ono, n'kutembenukira kwa bambo wa pasitima kumuuza kuti asaike mtolowo pafupi ndi injini.

"Mpunga uli mumphika, bambo. Musakadye wozizira."

"Kwera, akusiya."

Sitima inatuluka. A Tatsuzo sanadikire kuti ikhote kunsonga ya chilumba. Ndinawatsatira pambuyo pokwera, akupuma pamakwerero pomwe kale sankapumapo. Atafika anafukula theka lija mumchere, nalikung'untha, nalitsuka pampopi. Anaboola chakumchira ndi chitsulo chosongoka, napisa chingwe, n'kukokera bokosi pansi pa denga, mbali ya mthunzi. Anakwera pabokosipo, anaponya chingwe pamtanda, nakoka mpaka nsomba italendewera. Anamanga mfundo, naiyesa ndi dzanja, n'kutsika.